Adokotala analemba "unkempt" m'buku la apongozi: kodi anatinyoza?

Funso

Mwezi wathawu ndinaperekeza apongozi anga aamuna kuchipatala. Ali ndi zaka 78, ndipo chimwalirireni apongozi aakazi chaka chatha sakudya bwino, amangokhala duu pakhonde. Titabwerako, mwana wanga wa Fomu 3 anawerenga m'buku lawo la kuchipatala n'kupeza mawu akuti *elderly man, unkempt*. Iye akuti adokotala anaphonya sipelo, amafuna kulemba *unkept*, kutanthauza kuti agogo akewo sitikuwasunga. Nkhaniyi yafika kwa alamu anga ndipo pakhomo pano pavuta, poti amene ndimawaphikira ndi kuwachapira ndine. Kodi liwuli limatanthauza chiyani kwenikweni, nanga linachokera kuti?

Mayi wa ku Ntcheu

Yankho

Mayi, mtima ukhale m'malo. Adokotala sanaphonye sipelo, ndipo sanalembe kuti simukuwasunga apongozi anu. Mnyamata wanuyo musamukalipire. Mwana wowerenga n'kumakayikira zimene wawerengazo ndi amene aphunzitsife timamufuna, kungoti apa wasokoneza mawu awiri ongofanana nkhope, opanda chibale chilichonse. *Unkept* ndi mwana wa *keep*, kusunga, ndipo eni chinenero amalitchula kwambiri akamanena za lonjezo limene munthu sanalikwaniritse. *Unkempt*, lokhala ndi *m* pakatipo, ndi mwana wa chipeso. Kulimasulira mmene linabadwira ndi "wosapesa", basi. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuchonga zimangirizo za Chingerezi, sindikumbuka chaka chimene sindinazungulize *unkept hair* ndi bolopeni yofiira, moti mwana wanu ali ndi anzake ambiri, ena mwa iwo a ku England komweko.

Masiku ano liwuli linatsika m'mutu n'kufalikira thupi lonse. Munthu amene tsitsi lili nyankhalala, ndevu zamera mmene zafunira, zikhadabo zatalika, malaya ali makwinya okhaokha kolala itapindikira m'kati, ameneyo ndi *unkempt*. Amateronso ndi bwalo la nyumba limene udzu wafika m'mawondo, kapena mpanda wa maluwa umene sunaone chikwanje chaka chonse. Chimene chikumanga zonsezi pamodzi n'chakuti pali ntchito yosamalira imene imafunika kubwerezedwa pafupipafupi, ndipo kwa kanthawi yakhala isakuchitika. Liwuli silitchula wolakwa. Silinena ngakhale za litsiro kwenikweni, poti munthu akhoza kusamba m'mawa uliwonse, kuvala zochapa, n'kukhalabe *unkempt* ngati lumo ndi chipeso sizifika kumutu kwake. Uve, uja umakhala khalidwe la munthu, uli ndi liwu lake lina, *slovenly*. Limenelo likanalembedwa m'bukumo, ndikanakwiya nanu limodzi.

Tsono tipite kumene linachokera, chifukwa umboni woti muwaonetse alamu anu uli kumeneko.

M'Chingerezi cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, chimene Mngerezi wa lero sangachimve asanachiphunzire ngati chinenero chachilendo, chipeso ankati *camb*, ndipo *b* wakumapetoyo ankamveka, osati monga mu *comb* wa lero amene *b* amangokhalapo ngati mlendo wosapatsidwa mpata woyankhula. Kupesa ankati *cemban*, *c* wakeyo akumveka ngati *k*. Ife timayambira ku mneni n'kupeza chipangizo: kupesa kumatipatsa chipeso, kutseka chitseko, kuvundikira chivundikiro. Iwo anayenda chobwerera, anayambira ku chipangizo n'kupanga mneni. Popanga mneniyo, makolo awo ankalumikiza kumapeto kachidutswa kokhala ndi kaliwu komveka ngati *y*. Kaliwuko kanakoka *a* wa m'tsinde n'kumusandutsa *e*, kenako iko komwe kanazimiririka, kusiya chipsera chokha. Zipsera zotere zadzaza m'Chingerezi, kungoti timaziloweza osazifunsa: *food* ndi *feed*, *blood* ndi *bleed*, *full* ndi *fill*, *man* ndi *men*. *Camb* ndi *cemban* ndi a m'banja lomwelo.

Kukokana kwa malembo a liwu kumeneku si kwachilendo kwa ife. Timati kuphika, kuphikira, koma kupesa, kupesera. Timati kulima, kulimitsa, koma kuseka, kuseketsa. Palibe amatiuza kuti apa ika *i*, apa ika *e*. Tsinde ndilo limalamula. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu tsinde limakoka mchira, pamene kwa iwo mchira ndi umene unakoka tsinde.

Ajeremani, amene chinenero chawo ndi chapachibale ndi Chingerezi, anasunga banja lonse lamoyo. Chipeso amati *Kamm*, kupesa *kämmen*, wosapesa *ungekämmt*. Mwana wa ku Berlin safunika mphunzitsi womufotokozera chifukwa akuona chipesocho m'kati mwa liwu. Akatswiri ofufuza zinenero amalondola muzuwo mpaka kale kwambiri n'kupeza kuti poyamba unkatanthauza dzino. M'chinenero chakale cha ku India cha Sanskrit muli *jambha*, dzino. M'Chirasha dzino ndi *zub*. M'Chigiriki chakale *gomphos* chinali chikhomo. Ndiye kuti anthu amenewo anayang'ana chipeso n'kuona mano. Nafenso tikathyola chipeso m'tsitsi louma timati chaguluka mano. Apa palibe anabwereka kwa mnzake, maso ndi amodzi basi.

Mneni uja anakhalabe zaka mazana angapo, akulembedwa *kemben* kenako *kemb*. Geoffrey Chaucer, wolemba ndakatulo amene anamwalira mu 1400, pofotokoza mfumu ina ya tsitsi lalitali lopesedwera kumsana analemba *kembd*. Koma pang'onopang'ono anthu anayamba kungotenga dzina la chipangizo, *comb*, n'kumaligwiritsa ntchito ngati mneni, ndipo *kemb* anathawira m'mayankhulidwe a m'midzi ya kumpoto kwa England ndi ku Scotland. M'Chingerezi cha m'mabuku anafa, n'kusiya ana amasiye. Mmodzi ndi dzina la banja lakuti Kempster. Chuma cha England m'masiku amenewo chinali ubweya wa nkhosa, ndipo ubweyawo asanaupote ankaupesa kuti ulusi uwongoke. Mkazi wogwira ntchito yopesayo ankatchedwa *kempster*, monga woluka nsalu ankatchedwa *webster* ndipo wophika buledi *baxter*. Mwana wina wamasiye ndi uyu wavutitsa pakhomo panuyu.

Nanga *p* analowamo bwanji, poti mu *kemb* mulibe? Yesani nokha. Tchulani *m* milomo ili chitsekere, kenako thamangirani ku *t*. Milomo ikamatseguka pamaphulika kampweya, ndipo kampweyako ndi *p*. Palibe anamuitana, anabadwira pakati pa milomo, alembi n'kumulemba poti ankamumva. Ndi mmenenso *empty* anapezera *p* wake, amene m'Chingerezi chakale munalibe, ndipo n'chifukwa chake pali a Thomson ndi a Thompson pamene onse ndi ana a Tom. Mukamvetsera Mngerezi akunena *dreamt* mumva *p* yemweyo, ngakhale salembedwa.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti malo otchuka kumene liwuli linaonekera kalelo m'kalembedwe kake ka leroka sankanena za tsitsi n'komwe. Mu 1579 Edmund Spenser anatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa The Shepheardes Calender, ndipo m'menemo mbusa wina akudzichepetsa kuti ndakatulo zake ndi *rugged and unkempt*, zokhakhala, zosapesa. Ankatanthauza mawu osasalazidwa, monga mmene mmisiri anganenere za mpando umene sunapalidwe. Choncho kuyambira kale liwuli linali lokonzeka kuchoka pamutu n'kupita pa china chilichonse chimene dzanja losamalira silinadutsepo.

Mnyamata wanu akhoza kufunsa kuti ngati pali *unkempt*, *kempt* ali kuti. Alipo, m'dikishonale yaikulu amupeza, koma ndi wosowa ngati ndalama ya pakati pa mwezi. Angerezi ambiri akamutchula amakhala akuseka, podziwa kuti akudzutsa liwu logona. Chingerezi chili ndi mawu angapo otere amene mbali yokana inatsala yokha mbali yovomera itafota: *uncouth*, wopanda mwambo, alipo, koma *couth* n'ngwanthabwala, *ruthless*, wopanda chifundo, alipo, koma *ruth* anatsala m'mabuku akale. Malo amodzi kumene *kempt* akugwirabe ntchito yake mopanda nthabwala ndi kuchipatala, ndipo ndibwererako.

Pali liwu lina limene limayenda limodzi ndi lathuli, ndipo ana asukulu amawasinthanitsa ngati ndi amodzi: *dishevelled*, limene Amereka amalemba ndi *l* mmodzi. Nalonso linayambira kumutu, koma linadzera njira ina. Anthu a ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, Chifalansa chinakhala chinenero cha kunyumba yachifumu ndi m'makhoti kwa zaka zambiri, ndipo mawu ake anakhuthukira m'Chingerezi. M'Chifalansa cha nthawiyo tsitsi linali *chevel*, lochokera ku Chilatini *capillus*, ndipo *deschevelé* anali munthu amene tsitsi lake lamasuka. Chaucer yemwe uja analigwiritsa ntchito pofotokoza munthu wina wa paulendo amene anakwera hatchi tsitsi lili lende, atangovala kachisoti kokha. Timitsempha ta magazi tating'onoting'ono timene ana amaphunzira mu Bayoloje, *capillaries*, dzina lake likuchokera ku *capillus* yemweyo, poti n'toonda ngati tsitsi. Abale athu a ku Angónia ndi ku Tete amene anaphunzira Chipwitikizi izi saziona zachilendo: tsitsi amati *cabelo*, munthu wa tsitsi lobalalika *descabelado*, ndipo popeza chipeso ndi *pente*, wosapesa ndi *despenteado*, ndendende *unkempt*.

Kusiyana kwa awiriwa kuli pa nthawi. *Dishevelled* ndi munthu amene anachoka pakhomo atatchena, koma wakwera kumbuyo kwa lole kuchokera ku Tsangano, mphepo ndi fumbi zamuchita zake, watsika malaya atapisuka. Mpatseni madzi ndi kalilole, pakapita mphindi khumi ali bwino. *Unkempt* safika tsiku limodzi. Ndi ndevu za milungu itatu, tsitsi la miyezi iwiri. Wina wasokonezedwa, winayu wasiyidwa, kapena wadzisiya.

Ena a m'gulu lomweli ndingowadutsa. *Scruffy* anachokera ku liwu lotanthauza mfundu za m'mutu, ndipo *shabby*, amene lero timanenera jekete yothaitha, anachokera ku liwu la nkhanambo. Mukaona mndandanda wonsewo muona kuti Angerezi pofuna kunena za munthu wosaoneka bwino ankayambira pakhungu ndi pamutu, zovala zinabwera pambuyo.

Tibwerere kuchipatala. Ine si dokotala, ndine wa mawu, koma kalembedwe kawo ndimakadziwa. Ophunzira zachipatala amaphunzitsidwa kuti wodwala akangolowa, asanatsegule pakamwa, ayambe alemba zimene maso aona: wayenda bwanji, wavala bwanji, akuoneka wodzisamalira kapena ayi. Makamaka akamaunika za maganizo, mzere woyamba umakhala wa maonekedwe, ndipo mawu awiri amene amasinthana pamenepo ndi *well kempt* ndi *unkempt*. Salemba kuti apereke malikisi kwa osamalira wodwala. Amalemba chifukwa munthu amene moyo wake wonse ankameta Loweruka lililonse, akasiya mwadzidzidzi, kusiyako kumakhala chizindikiro, monga kutentha thupi. Kukhoza kuloza ku matenda a kukhumudwa, ku matenda oiwalaiwala a ukalamba, ku mowa, kapena ku thupi lofooka loti mkono sukufikanso kumutu. Tsono taonani zimene mwandilembera nokha: bambo a zaka 78, akazi awo anawasiya chaka chatha, sakudya bwino, amangokhala duu. Adokotala anaona zomwe inu mwaona, n'kuzilemba m'liwu limodzi kuti mnzawo wodzawaona ulendo wina adzayerekeze. Liwulo likunena za mtima wa apongozi anu, osati za manja anu.

Ndipo kwathu kuno tikudziwa bwino kuti chisoni chimaonekera kumutu. Si mwangozi kuti mwambo wotsiriza maliro timautcha kumeta. Namfedwa amene tsitsi lakula osalikhudza sitimuti wauve, timadziwa kuti akulira. Pali anthu ena amene lumo la mwambo limadutsa pamutu koma m'kati maliro osatha.

Komabe sindingakunamizeni kuti liwuli lilibe mbola. Kuchipatala ndi lozizira, koma kunja kuno lapwetekapo anthu, makamaka ife a tsitsi lopotana. Pajatu m'kati mwake muli chipeso, ndipo funso limakhala lakuti chipeso cha ndani. Kusukulu yogonera komweko kumene ndinaphunzira, Lolemba m'mawa pa asembule mphunzitsi ankayenda m'mizere atagwira chipeso ndi sizasi. Ankalowetsa chipesocho m'mutu mwa aliyense. Chikadutsa, wapulumuka. Chikakodwa, ankakudula kanjira pakati pa mutu kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, kuti ukamalize wekha kwa ometa. Tonse tinkayenda ndi chipeso cha mano achitsulo m'thumba lakumbuyo, ndipo belu likamalira unkaona anyamata pampopi akunyowetsa mitu, poti tsitsi lathu likauma chipeso sichilowa popanda misozi. Panalibe wauve pamzerepo. Tonse tinali titasamba madzi ozizira mbandakucha. Mlandu unali wa chipeso basi.

Akuluakulu akukumbukanso kuti mu 1973 boma la Dr. Kamuzu Banda linaika lamulo la kavalidwe loletsa akazi mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo m'nyengo yomweyo amuna analetsedwa kusunga tsitsi lalitali, moti alendo ena ankametedwa akangofika m'dziko muno. Malamulowo anatha m'nyengo ya matipate, koma maganizo akuti mutu wabwino ndi wometa kapena wopesa okha anatsalira. Ana a chipembedzo cha Rasta anakhala akubwezedwa m'sukulu za boma chifukwa cha madiredi mpaka Khoti Lalikulu ku Zomba, pamaso pa Jaji Zione Ntaba, linagamula mu Meyi 2023 kuti kuwaletsako n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko.

Ku America liwu lenilenili linafika pokhala nkhani ya boma. Mu 2014 gulu lankhondo la dzikolo linatulutsa malamulo atsopano a kakonzedwe ka tsitsi, ndipo pofotokoza masitayilo oletsedwa linagwiritsa ntchito mawu akuti *matted* ndi *unkempt*. Asilikali aakazi achikuda anadandaula kuti mawuwo akuloza tsitsi lawo lachibadwa, aphungu aakazi achikuda a kunyumba ya malamulo analembera nduna ya zachitetezo, Chuck Hagel, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho analengeza kuti mawu awiriwo achotsedwa m'malamulowo. Ine ndimagwirizana nawo odandaulawo, ndipo chifukwa changa n'cha mphunzitsi wa chinenero. Madiredi osambitsidwa, opotedwa, odzozedwa mafuta, kapena tsitsi loluka bwino, n'zoona kuti chipeso sichidutsamo, ndiye pa tanthauzo lakale lija ndi "losapesa". Koma pa tanthauzo la lero, la chinthu chosiyidwa osachisamalira, si *unkempt* ngakhale pang'ono, poti mwini wake amathera maola ambiri pamutupo kuposa ine wometa mpala. Wotchula tsitsi lotere *unkempt* amabisala kuseri kwa tanthauzo lakale kuti abaye ndi latsopano. N'chifukwa chake aphunzitsi anzanga ndimawauza kuti liwuli asamalilembe pa lipoti la mwana. Ngati malaya ndi osachapa, lembani kuti malaya ndi osachapa.

Za apongozi anu ndi zina. Pamenepo liwu lagwira ntchito yake yoyenera, ndipo chimene likupempha si mlandu wa pabanja. Alamu anuwo muwakumbutse mwaulemu, kapena bambo a kunyumba awakumbutse, kuti mpongozi ali ndi malire. Inu mukhoza kuphika, kuchapa, kusita, kuwatenthetsera madzi n'kuwaikira kubafa, koma simungawagwire kumutu apongozi aamuna kapena kuwapala ndevu. Imeneyo ndi ntchito ya ana awo aamuna ndi adzukulu. Ngati pali mbali ya liwuli imene ikukhudza a pakhomo, yagwera kwa iwowo. Mmodzi awatenge bambowo apite nawo kwa ometa pamsika, osati kuitanitsa wometa kunyumba, kuti ayendeko, amve phokoso la anthu, akumane ndi anzawo a bawo.

Ndipo tsiku lobwerera kuchipatala, pasapite inu nokha. Apite nawo mmodzi wa ana awo, ndipo mukawauze adokotala zonse mwandiuza inezi, za maliro, za kusadya, za kukhala duu, ngakhale asanafunse. Mukafunsenso mosapita m'mbali kuti pamene analemba *unkempt* ankaganizira chiyani, ndipo pali thandizo lanji. Bukulo mukabwera nalo mumupatsenso mnyamata wa Fomu 3 uja awerenge. Ayang'ane mzere woyamba, pomwe pali maonekedwe, aone ngati *un* akadalipo.